Mmene mungabwezeretse gemu ya Golf ija munkasewera ndi ababa

Amene munakulira ku Nchalo, Ngabu kapena Bangula mwina mukuikumbuka kaseti yachikasu ija yolembedwa 9999 in 1, pomwe magemu enieni analimo owerengeka enawo kumangobwereza omwewo. Ife ana tinkalimbirana Mario ndi Contra koma ababa akaweruka kunzimbe, asamba, akhala pampando wawo wa ndalema, ankangoti "iwe, tayika ya ndodo ija". Ya ndodoyo ndi Golf ya Nintendo, inatuluka 1984 ku Japan, ndipo amene anailemba pa kompyuta ndi Satoru Iwata yemwe pambuyo pake anadzakhala mkulu wa kampani yonseyo. Mwezi wathawu ndinaifukula ndikasewera nawo kumudzi, nde ndati ndikuuzeni mmene ndinachitira.

Yambani mwasakasaka mnyumba, musathamangire kugula. Yathu ndinaipeza mu sutukesi ya amayi pansi pa zitenje, mphemvu zitamangamo mudzi. Mukufunika kamakina kolowetsamo kaseti kaja, adaputa yake, mapadi awiri ndi waya wa AV, wachikasu ndi wa chithunzi woyera ndi wa mawu, tivi muyiike pa AV. Kaseti ikakana musauzire mpweya ngati kale muja, malovu amachititsa dzimbiri. Tengani thonje, kuno kuchigwa sitisowa, munyowetse ndi spiliti mupukute timano take tija, idikireni iume. Ndipo adaputa imatentha heve, nde ndi dzuwa la mu Okutobala sewerani madzulo, ikafika poti simungaigwire zimitsani kaye mumwe thobwa.

Pa sikirini yoyamba sankhani ya anthu awiri. Pali stroke play yowerenga kumenya konse pa mabowo onse 18, ndi match play yowerenga kuti wawina mabowo angati. Ndi munthu wamkulu sankhani match play, chifukwa akalakwitsa bowo limodzi sizimutsata mpaka kumapeto, lotsatiralo mumayambanso pamodzi.

Tsopano pamene pagona nkhani ndi batani la A, mumalidina katatu. Koyamba kachizindikiro kamayamba kuyenda pa mzere uja uli pansi pa kamunthu konenepa kandevu konga Mario. Kachiwiri mumaimitsa mphamvu, mukakasiya kafike kumapeto mpira umapita kutali. Kenako kamabwerera, nde kachitatu mudine kakafika pa malo oyera aja, mukafulumira kapena kuchedwa mpira umakhota nkukagwera mmitengo, apo gemu ikulemberani OB, kutanthauza kuti mpira watuluka m'bwalo, ndi chilango pamwamba. Ababa ankandiphunzitsa powerenga mokweza, "modzi... wiri... tatu", dzanja lawo lonunkha utsi wa nzimbe zootcha litagwira chala changa, ndipo ndikadina mwaphuma ankati ukuthamangira kuti, mpirawo suthawa. Panopa ndi ine amene ndikuwawerengera, maso awo sakuonanso bwino kamzere koyerako, moti sendezani mpando wawo pafupi ndipo musawalande padi ngakhale zala zikuyabweni bwanji.

Ndodo mumasintha podina mmwamba ndi pansi. Poyambira tengani yolembedwa 1W, ndiyo imafika patali. Zolembedwa I zija nambala ikamakula mtunda umachepa, mukagwera mumchenga tengani SW, musalimbane ndi ina. Musanamenye yang'anani mphepo, gemu imaonetsa kumene ikulowera ndi liwiro lake, ikakhala yamphamvu lozani pambali pang'ono kumene ikuchokera. Ababa izi amazitha kuposa ine, amati munthu amene anapalasapo bwato pa Shire sangalozere pamene akufuna kukakocheza.

Mukafika pa kapinga wa pafupi ndi bowo ndodo yake ndi ya PT, apa mumadina kawiri basi, ndipo timizere tili pakapingapo tikusonyeza kumene kwatsetsereka. Apa ndi pamene pamadukira ubale, mpira kuima chala chimodzi pafupi ndi bowo.

Za kuwasiyira dala kuti awine, ine ndikuti ayi. Amadziwa. Ndinayesa pa bowo lachitatu, ndinaponya mpira mmadzi mwadala, anangondiyang'ana nkuti "mwanawe, ine sindinakusiyirepo ngakhale tsiku limodzi", kenako anandilamula kuti ndidine reset tiyambirenso. Tinafika bowo la 11 batire ya sola itayamba kulira, udzudzu utatimaliza miyendo, amayi akukuwa kukhitchini kuti nsima ya mapira ikuuma ndipo mlamba aupatsa mphaka. Ababa anali patsogolo ndi mabowo awiri, analemba ndi khala pakhoma la khonde kuti ndisadzakane pa Khirisimasi.