Kusunga fupa la nsagwada dzino likazulidwa

Dzino likachoka, fupa lomwe linkagwira mizu yake limayamba kuphwa. Pomatha chaka, kuchindikala kwa fupalo kumatha kutsika ndi theka, ndipo gawo lalikulu limapita m'miyezi 3 yoyamba. Khoma la fupa la mbali ya kutsaya ndilo limatha msanga chifukwa ndi lopyapyala. Pa mano akutsogolo nthawi zambiri silifika milimita imodzi. Wodwala akadzafuna implant (muzu wochita kupanga wobzalidwa m'fupa kuti ugwire dzino loikirira), pobzala pake pamakhala patachepa.

Zonse zimayambira pa kazulidwe. Musagwedezere dzino kutsaya mwamphamvu. Dulani kaye timinyewa tozungulira muzu ndi periotome (kachitsulo kopyapyala kodulira timinyewato), ndipo dzino la mizu iwiri kapena itatu ligaweni, muzule muzu uliwonse paokha. Kenako palani m'dzenjemo mpaka minofu yonse yowola ichoke, tsukani ndi saline (madzi amchere a kuchipatala), muone kuti fupa likuchucha magazi pang'ono. Pisani probe (kachitsulo kofufuzira) mufufuze makoma onse anayi. Zimene mwapeza pamenepa ndizo zikuuzeni choikamo.

Ngati makoma ali bwino, PRF (platelet-rich fibrin, chibuluma chopangidwa kuchokera ku magazi) imakwanira. Njirayi anaiyambitsa Joseph Choukroun ku France mu 2001, ndipo imagwiritsa ntchito magazi a wodwala yemweyo. Tengani magazi pamkono m'machubu a mamililita 10 opanda mankhwala oletsa kuundana, awiri kapena anayi pa dzenje limodzi. Aikeni mu centrifuge (makina ozungulitsa machubu kuti magazi alekane) moyang'anizana kuti makina asapendekeke, ndipo muzungulitse pa 2,700 rpm (maulendo ozungulira pa mphindi) kwa mphindi 12. Onani bukhu la makina anu, chifukwa rpm yomweyo siipereka mphamvu yofanana pa makina onse. Chofunika n'kufika pafupifupi 400 g, muyeso wa mphamvu ya kuzungulirako.

Pamene ambiri amaphonya ndi pa nthawi. Magazi amayamba kuundana akangokhudza galasi la chubu, choncho mukachedwa kupitirira mphindi imodzi kapena ziwiri mupeza kachibuluma kakang'ono kofumbutuka. Zikayenda bwino, chubu chimaonetsa magawo atatu: ofiira pansi, madzi achikasu pamwamba, ndi chibuluma chachikasu chonanda pakati. Chitulutseni ndi tweezers, mudule ndi lumo koma musiyeko kofiira pang'ono kumunsi, poti ma platelet (tizigawo ta magazi tothandiza kuundana) ambiri amakhala pamalire pamenepo. M'chibulumacho muli zokulitsa minofu zotchedwa PDGF, TGF-beta ndi VEGF, zomwe zimatuluka pang'onopang'ono kwa sabata kapena kuposerapo, n'kuitana mitsempha yatsopano ya magazi ndi maselo omanga fupa. Findikizani zibuluma zina zikhale ngati zotsekera botolo, muzitsendere m'dzenje, china muchiphwathalitse chivindikire pamwamba, kenako sokani mopingasa popanda kukoka nkhama mwamphamvu.

PRF payokha imapoletsa nkhama msanga ndi kuchepetsa ululu, koma siingachirikize malo pomwe khoma lagumuka. Pamenepo duladulani PRF, muisakanize ndi tizidutswa ta fupa lochita kuika, monga Bio-Oss yochokera ku fupa la ng'ombe, ndipo mutchinge kutsaya ndi membrane (kachikopa kopyapyala) ya collagen, puloteni ya m'khungu ndi m'mafupa. Muuzeni wodwala komwe fupalo lachokera; ena salilola. Musatsendere kwambiri, mitsempha ya magazi imafuna mipata yodutsamo.

Palinso rhBMP-2, puloteni yochita kupanga yomeretsa fupa, yogulitsidwa ndi dzina la Infuse, yomwe FDA, nthambi ya boma la America yoona za mankhwala, inailoleza pa ntchitoyi mu 2007. Imasungunulidwa kufika pa 1.5 mg/ml n'kudonthezedwa pa siponji ya collagen. Idikireni mphindi 15, muigwiritse ntchito maola awiri asanathe, ndipo musaifinye kapena kutsukanso m'dzenje mutaiika, mungataye mankhwala. Imamanga fupa mwamphamvu, koma ndi yodula ndipo nkhope imatupa kwambiri. Siiperekedwa kwa mayi woyembekezera, wodwala khansa, kapena pamalo pomwe pali mafinya.

Wodwala asachukuche m'kamwa kwa maola 24, asalavulelavule, asayamwe chakumwa ndi kapaipi (straw). Kuyambira tsiku lachiwiri atsuke mofatsa ndi mankhwala opha tizilombo a chlorhexidine ya 0.12% kawiri patsiku. Fodya ndiye mdani wamkulu, amafinya mitsempha bala n'kuchedwa kupola. Shuga wosatsika amachitanso chimodzimodzi, ndipo omwe amamwa mankhwala olimbitsa mafupa a bisphosphonate muwafunse musanagwire n'komwe dzino. Ulusi uchoke pakatha masiku 10 mpaka 14. Ululu ukakula pa tsiku lachitatu limodzi ndi fungo, abwere msanga. Jambulani X-ray pakatha miyezi 4 mpaka 6 musanabzale implant.