Pawa saplayi ya kompyuta yomanga nokha

Achimwene, mwafunsa kuti purosesa ya Ryzen 5 5600 ndi khadi ya zithunzi ya RTX 3060 zifuna pawa saplayi (kabokosi kogawira magetsi m'kompyuta) ya mawati angati. Poyamba phatikizani: purosesayo imadya 65W, khadiyo 170W, onjezani 80W za bodi, RAM ndi mafani, mwafika pa 315. Koma musagule ya ndendende ayi, tengani 550W, ndi imene a Nvidia, eni ake a khadiyo, amanena. Kenako onani ngati ili ndi 80 Plus Bronze (chizindikiro chakuti simawononga magetsi ambiri) komanso chingwe cha 8-pin cha khadiyo, zotchipa zina zilibe. Ineyo ndinagulapo yolembedwa 600W koma yopepuka ngati katoni yopanda kanthu, sabata yachiwiri inayamba kununkha chopsa, bola ya kampani ya Corsair kapena Seasonic. Ndiye kuno ku Kasungu magetsi amathimathima, kaUPS, kabokosi ka batire kothandiza kompyuta isazime magetsi akathima, musakaiwale.