Mmene ndinachepetsera thupi posala kudya maola 16 ndi kuchepetsa nsima

Kamtunda kokwera kwathu ku Chilomoni si kakakulu, koma tsiku lina ndinaima kawiri kuti ndipume, m'manja muli kajumbo ka tomato ndi kabichi basi. Sabata yomweyo ndinapita kukapimitsa BP, ndipo anaipeza itakwera. Sikelo inawerenga makilogalamu 91, pomwe msinkhu wanga ndi masentimita 162 okha. Namwino anandizunguliza tepi pamimba, cha pamchombo, n'kupeza masentimita 101. Anandiuza kuti mimba ya munthu isamapitirire theka la kutalika kwake, kutanthauza kuti yanga inkayenera kukhala pafupi ndi 81. Ndinabwerera kunyumba mtima uli m'mwamba, chifukwa mayi anga anamwalira ndi sitiroko.

Papita miyezi 10 ndipo tsopano ndikulemera makilogalamu 79. Ndinachita zinthu ziwiri zimene anthu akuzitchula kuti intermittent fasting ndi low-carb, kutanthauza kusala kudya kwa maola angapo tsiku lililonse, ndi kuchepetsa zakudya zokhutitsa pamodzi ndi shuga. Koma musayambe ziwirizi tsiku limodzi. Ine ndinatero ulendo woyamba: Lolemba ndinasiya kadzutsa, nsima, mpunga, buledi ndi shuga nthawi imodzi. Pofika Lachitatu mutu unkangowaza, maso akuchita mdima ndikamadzuka pampando, ndipo ana ndinkawakalipira popanda chifukwa. Lachinayi ndinagula mandasi kudepoti n'kudya asanu ndisanafike kunyumba. Ndinasiya kwa mwezi wathunthu, kenako ndinayambanso mwa njira imene ndikufotokoza pano.

Muyambe ndi zakumwa, kwa masabata awiri, osakhudza china chilichonse. Supuni yaing'ono ya shuga ndi magalamu 4. Ine ndinkathira masupuni atatu mu tiyi, makapu atatu patsiku, zomwe ndi magalamu 36 ndisanaike kanthu kena mkamwa. Botolo la Coca-Cola la 300 ml lili ndi magalamu oposa 30, pafupifupi masupuni 8. Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO limalangiza kuti munthu wamkulu asapitirire magalamu pafupifupi 50 a shuga wotereyu patsiku, ndipo kutsika mpaka 25 ndiye kwabwino koposa. Sobo, maheu a m'sitolo, juwisi wa m'mapaketi ndi thobwa lothira shuga zonse zili m'gulu lomweli. Ndinkachotsa supuni imodzi pakatha masiku anayi. Tiyi wopanda shuga amawawa sabata yoyamba, kenako lilime limazolowera ndipo mumayamba kumva kukoma kwa masamba ake enieniwo.

Mukatha pamenepo, tsekani khitchini usiku. Idyani chakudya chomaliza pofika 7 koloko madzulo, ndipo musadyenso mpaka 7 koloko m'mawa. Amenewo ndi maola 12, ambiri mwa iwo muli mtulo. Zikuoneka zazing'ono, koma kwa ine zinachotsa mkute umene ndinkatola potsuka mapoto, ndi buledi amene ndinkadya ndi tiyi cha m'ma 9 koloko poonera nkhani. Chovuta m'nyumba zathu n'chakuti mgonero umachedwa. Bambo afike, magetsi azime, mbaula iyake, nsima imafika patebulo 9 koloko itakwana. Ine ndinayamba kuphikiratu ndiwo m'mawa kapena dzulo lake, ndipo ndimadya zanga nthawi yanga ikakwana. Ena akamadya ndimakhala nawo patebulo ndi kapu ya tiyi, kuti banja lisamve ngati ndalithawa.

Maola 12 akakhala osavutanso, sunthani kadzutsa ndi ola limodzi sabata iliyonse. Kudya 9 koloko m'mawa ndiye kuti mwasala maola 14. Kudya 11 koloko ndiye maola 16, ndipo mumatsala ndi maola 8 odyera, zimene anthu amazilemba kuti 16:8. Ine zinanditengera masabata asanu kuti ndifikepo. Mnzanga wa kutchalitchi anaima pa 14 ndipo thupi lake likutsikabe, choncho 16 si lamulo. Nthawi yosalayo mumamwa madzi, tiyi kapena khofi wopanda shuga ndi mkaka, kapena madzi a chidede osatsekemera. Kusala kumeneku n'kosiyana ndi kwa mapemphero kumene ena samwa ngakhale dontho. Madzi muzimwa, makamaka m'mwezi wa Okutobala. Njala imabwera pa ola limene munazolowera kudya, imaluma kwa kanthawi n'kudutsa. Yanga inkabwera cha m'ma 8 koloko, anzanga ku ofesi akamatsegula mapepala a zitumbuwa ndi mbatata. Ndinkadzaza botolo la madzi n'kutuluka panja kwa mphindi khumi.

Tsopano nkhani ya nsima, yomwe ndiyo yovuta kwambiri kwa ife. Chokhutitsa chilichonse, kaya nsima, mpunga, buledi, chinangwa, mbatata kapena tchipisi, chikagayika m'mimba chimasanduka shuga m'magazi. Thupi limatulutsa timadzi totchedwa insulin kuti shugayo alowe m'minofu ndi m'chiwindi, ndipo wotsala amasungidwa ngati mafuta. Chiwindi chimasunga pafupifupi magalamu 100 a shuga ameneyu, minofu pafupifupi 400. Mukakhala maola ambiri osadya, kapena mukachepetsa zokhutitsa, nkhokwe ya m'chiwindi imatsika ndipo thupi limatembenukira kwambiri ku mafuta amene linasunga. Agogo athu ankadya nsima yambiri koma ankaitentha ndi khasu ndi mtondo. Ine ndimakhala pa kompyuta kuyambira 8 mpaka 5.

Mu magalamu 100 a ufa wa chimanga muli magalamu oposa 70 a carbohydrate, gawo la chakudya limene limasanduka shuga lija. Mgaiwa umaposa ufa woyera chifukwa uli ndi gaga amene amakhalitsa m'mimba, koma pa carbohydrate kusiyana kwake n'kochepa, ndiye musamadye mitanda itatu poti ndi mgaiwa. Kondowole nayenso sakupulumutsani. Kawirikawiri low-carb amatanthauza kudya magalamu a carbohydrate osakwana 130 patsiku, pomwe njira ina yotchedwa keto imatsika mpaka pansi pa 50. Keto ndinaisiya dala. Imafuna nyama ndi mafuta ambiri amene thumba langa silingakwanitse mwezi ndi mwezi, ndipo imachotsa nyemba, zomwe ndimaziona kuti ndi chakudya chabwino kwambiri chimene tili nacho pamtengo wotsika.

Ndinkadya mitanda itatu masana ndi itatu madzulo. Ndinatsika kufika iwiri kwa masabata awiri, kenako umodzi waukulu ngati chibakera changa. Pano ndimadya nsima kamodzi patsiku, ndipo masiku ena ayi. Chinsinsi chake n'kusintha maganizo pa ndiwo. Tinakula tikudziwa kuti ndiwo ndi zongoperekezera nsima, kambale kamodzi anthu asanu. Mukachotsa nsima n'kusiya ndiwo zochepa zomwezo, mukhala ndi njala ndipo simupitirira sabata. Ndiwo zikhale chakudya chenichenicho. Theka la mbale likhale masamba: bonongwe, chisoso, nkhwani, mpiru, kholowa, khwanya, therere, kabichi, chilichonse chimene chatchipa pamsika tsikulo. Masamba otendera ndi nsinjiro amakhutitsa kuposa okazinga. Pambali pake pakhale chomanga thupi, monga mazira awiri kapena atatu, usipa, matemba, utaka, nkhuku, soya pieces, nyemba, nandolo kapena khobwe. Dzira limodzi lili ndi magalamu pafupifupi 6 a protein, chomanga thupi chija, ndipo carbohydrate wake safika galamu imodzi. Nyemba zili nayo carbohydrate, choncho tsiku la nyemba nsima sindiikhudza. Mvula ikagwa ngumbi zikatuluka, idyani mosakayika.

Kanthu kena kamene sindinauzidwe ndi munthu: ndiwo zathu timaziphika ndi mchere wambiri ndi mafuta ambiri chifukwa nsima ilibe mchere. Mukayamba kudya ndiwo zodzaza mbale, mcherewo umachuluka nawo. Kwa munthu wa BP ngati ine zimenezi n'zoopsa. Ndinachepetsa mchere m'mphika, usipa wouma ndimayamba ndaunyika m'madzi ofunda n'kutaya madziwo, ndipo mafuta ndimayeza ndi supuni, osangopendeketsa botolo.

Tsiku langa la ntchito limayenda chonchi. Ndikadzuka ndimamwa madzi makapu awiri, kenako tiyi wopanda kanthu. Pa 11 koloko ndimatsegula kontena: mazira awiri owiritsa, theka la peyala ikakhala nyengo yake, tomato ndi nkhaka zoduladula. Cha m'ma 3 koloko ndikamva njala ndimadya mtedza wokazinga wodzaza dzanja limodzi, woyezeratu kunyumba, chifukwa mtedza uli ndi mafuta ambiri ndipo kuudya kuchokera m'jumbo kulibe malire. Madzulo 6 koloko ikadutsa ndimadya masamba otendera, usipa wa tomato ndi mtanda umodzi wa mgaiwa. Zipatso sindinasiye. Magwafa ndi mapapaya ndimadya momasuka, koma nthochi zakupsa ndi mango ndimawerenga. Mu Disembala mango ali mbwee ndimadya limodzi pambuyo pa chakudya, osati beseni lonse ngati kale.

Pomasula kusala musadye ngati mukubweza ngongole ya m'mawa. Mu 2022 ofufuza a ku Guangzhou m'dziko la China anasindikiza zotsatira za anthu 139 onenepa amene anawatsatira kwa chaka chathunthu. Onse anachepetsa chakudya mofanana, koma gulu lina linkadya pakati pa 8 koloko m'mawa ndi 4 koloko madzulo pokha. Magulu onse awiri anatsika thupi, ndipo kusiyana kwawo sikunali kwakukulu. Ine ndimamva kuti maolawo si mankhwala. Amangothandiza munthu kudya mochepa popanda kuwerenga chilichonse cholowa mkamwa. Mukadya tchipisi ndi soseji mbale ziwiri m'maola 8 aja, sikelo siisuntha.

Sikelo nayonso muidziwe. Masabata awiri oyamba mutachepetsa zokhutitsa mukhoza kutsika makilogalamu awiri kapena atatu, koma ambiri mwa iwo ndi madzi, chifukwa galamu iliyonse ya shuga wosungidwa uja imagwira madzi pafupifupi magalamu atatu. Pambuyo pake theka la kilogalamu pa sabata ndi liwiro labwino. Ine ndinaima pa 84 kwa masabata asanu ndipo ndinatsala pang'ono kutaya mtima, koma tepi inkaonetsa kuti mimba ikuchepabe. Pimani kamodzi pa sabata, m'mawa musanadye, pa sikelo imodzimodzi. Amayi tikayandikira kumwezi thupi limasunga madzi, ndiye sabata imeneyo nambala isakudandaulitseni. Mutu ukamapweteka masiku oyamba, onjezerani madzi ndi msuzi wa ndiwo. Kudzimbidwa kumatha ndi masamba ambiri, therere, ndi kuyenda. Ine ndimatsika minibasi siteji imodzi ndisanafike, n'kuyenda mphindi 20.

Pali anthu amene ndikuwachonderera kuti asayambe zimenezi paokha. Amayi oyembekezera ndi oyamwitsa asasale, chimodzimodzi ana ndi achinyamata osakwana zaka 18, komanso aliyense amene anavutikapo ndi matenda odzimana chakudya kapena kudzisanzitsa. Odwala shuga amene amabaya insulin kapena kumwa mapiritsi a glibenclamide akhoza kukomoka shuga akatsikitsitsa, choncho adokotala ayambe aona mlingo wa mankhwala. Ngati mumamwa mankhwala a BP, ma ARV, metformin wa matenda a shuga, kapena muli ndi zilonda zam'mimba, kafunseni kuchipatala kuti mankhwalawo agwirizana bwanji ndi maola anu, ndipo musasinthe nthawi yomwera panokha. Yanga BP ankaipima mwezi uliwonse, chifukwa thupi likamatsika nayonso imatsika ndipo mlingo wa mankhwala umafunika kuunikidwanso. Mukayamba kunjenjemera, kutuluka thukuta lozizira kapena kuchita chizungulire, idyani pomwepo. Tsiku lokalima kapena kugwira ntchito yolemetsa padzuwa, idyani kadzutsa.

Chotsala ndi anthu. Kwathu kuno munthu akanenepa timati zinthu zikumuyendera, akatsika timayamba kunong'ona. Chilundu chitayamba kuzungulira kawiri m'chiuno mwanga, mayi wina woyandikana naye nyumba anandikokera pambali n'kufunsa motsitsa mawu, "Amayi a Chisomo, muli bwinobwino koma? Mwapitako kuchipatala?" Ankafunsa mwachikondi, ndipo ndinamuuza zonse, za BP ndi za mayi anga. Muwauziretu a m'nyumba mwanu musanayambe, makamaka amene mumadya nawo mbale imodzi, kuti asaone ngati mwanyanyala.

Kumaliro, kuukwati ndi kumudzi sindiwerenga maola. Apongozi anga ku Ntcheu amadzuka m'mamawa kuphika mbatata ndi tiyi wothira kale shuga m'ketulo, ndipo masana amapakula nsima yodzaza mbale. Ulendo woyamba nditadya mtanda umodzi anandiyang'ana n'kuti, "Apongozi, nsima yathu yakuipirani?" Ndinayankha kuti, "Ayi Amayi, ndi yokoma kwambiri, koma achipatala anandiuza kuti ndichepetse chifukwa cha BP. Ndipatseniko nkhwaniwo wambiri." Kuyambira pamenepo ndikafika amathyola nkhwani wodzaza lichero n'kusinjiratu mtedza. Mbatata ya m'mawa ija ndimadya nawo limodzi pakhonde, ndipo ndikabwerera ku Blantyre Lamlungu madzulo ndimawiritsa mazira a Lolemba n'kuwaika m'kontena.