Momwe mungapitire ku Jaisalmer pa sitima ndi kukaona linga lake la m'chipululu

Mzinda wa Jaisalmer uli kumadzulo kwenikweni kwa chigawo cha Rajasthan ku India, mkati mwa chipululu cha Thar. Mfumu Rawal Jaisal idamanga linga la mzindawu mu 1156 paphiri la Trikuta, ndipo mpaka lero anthu masauzande angapo amakhala momwemo: amaphika, amachapa, amagulitsa malonda. Bungwe la UNESCO lidalilemba m'kaundula wake mu 2013 pamodzi ndi malinga ena asanu a m'chigawochi. Ngati muli kale ku India, masiku anayi ngokwana. Chimene chimasokoneza anthu ambiri ndi tikiti ya sitima, choncho yambirani pomwepo.

1. Sankhani mwezi

Pitani pakati pa Okutobala ndi Malichi. M'Meyi ndi Juni kutentha kumapitirira madigiri 45. Koma mu Disembala ndi Januwale usiku kumazizira koopsa, juzi isatsale.

2. Gulani tikiti msanga

Matikiti amagulidwa pa intaneti kudzera ku IRCTC, kampani yogulitsa matikiti a sitima ku India, ndipo malonda amatsegulidwa kutatsala masiku 60 kuti sitima inyamuke. Siteshoni ya Jaisalmer imalembedwa JSM. Kuchokera ku Jodhpur pali mtunda wa makilomita pafupifupi 300, ulendo wa maola 5 kapena 6 kudzera ku Phalodi ndi Pokaran. Kuchokera ku Delhi werengerani maola pafupifupi 18.

Tikiti ikatuluka imakhala ndi nambala ya PNR ya manambala 10, yofufuzira za malo anu m'sitima, ndiponso zilembo zimene muyenera kuzimvetsa. CNF ndiye kuti bedi mwalipeza. RAC ndiye kuti mukwera ndithu, koma mugawana bedi limodzi ndi munthu wina, nonse chokhala, pokhapokha wina atalephera ulendo. WL ndi mndandanda wa odikira, ndipo apa mpamene alendo amapwetekera. Tikiti ya pa intaneti imene ikadali pa WL nthawi imene a njanji atulutsa mndandanda womaliza wa okwera imafafanizidwa yokha. Ndalama zimabwezedwa, koma mukakwera nayo mumatengedwa ngati munthu wopanda tikiti ndipo mumalipa chindapusa. Malo akatha, funsani za Foreign Tourist Quota, mabedi ochepa amene amasungidwira alendo akunja. Pamafunika pasipoti.

Za bogi: ya SL njotchipa, koma mawindo ake amatseguka ndipo mukadutsa Phalodi fumbi la mchenga limalowa mpaka m'mano. Mulibenso zofunda. Mu 3A ndi 2A muli makina oziziritsa mpweya, ndipo amapereka nsalu zoyala, bulangete ndi pilo. Kwa ulendo wausiku 3A ndiyo yoyenera ndalama yake. Achikulire apemphe bedi lapansi. Achinyamata atenge lapamwamba, chifukwa lapansi masana limasanduka mpando wa aliyense.

3. Musasokoneze masiteshoni a ku Delhi

Old Delhi, yolembedwa DLI, ndi New Delhi, yolembedwa NDLS, ndi masiteshoni awiri osiyana, ndipo sitima zambiri za ku Jaisalmer zimakwezera pa DLI. Werengani tikiti yanu musanakwere takisi. Munthu akakuimitsani pakhomo n'kunena kuti sitima yanu yaimitsidwa, tiyeni kuofesi ina, musamutsatire. Onani nokha pa bolodi yaikulu mkati.

4. Mukafika, gonani kunja kwa linga

Siteshoni ili makilomita pafupifupi 2 kuchokera kulinga. Bajaji zimadikira panja. Gwirizanani mtengo musanakwere, ndipo woyendetsa akati hotela yanu idatsekedwa, imbani foni kuhotelako.

Mahotela a mkati mwa linga amakopa, koma pali vuto. Lingali lidamangidwira anthu otunga madzi ochepa ndi mitsuko. Madzi a m'mipope atabwera, otayika amalowa pansi n'kufewetsa dothi la phirilo, mwakuti mbali zina za makoma zidagumukapo. Kugona kunsi, cha ku Gandhi Chowk kapena pafupi ndi Gopa Chowk, kumachepetsa vutolo, komanso kumeneko mpamene lingalo limaoneka lonse dzuwa likamalowa, miyala yake yachikasu itafiira. N'chifukwa chake eni ake amalitcha Sonar Quila, linga lagolide.

5. Tsiku loyamba: linga m'mawa, nyumba za amalonda madzulo

Kwerani wapansi cha m'ma 8 koloko. Msewu umakhotakhota kudutsa zipata zinayi, Akhai Pol, Suraj Pol, Ganesh Pol ndi Hawa Pol, ndipo adaukhotetsa dala kuti adani asathe kuthamangitsa njovu molunjika pachitseko. Mukatulukira pabwalo la Dussehra Chowk, musayambe ndi nyumba yachifumu. Pitani kaye kuakachisi 7 a chipembedzo cha Jain, chifukwa alendo amaloledwa m'mawa ndipo dzuwa likafika paliwombo ena amatsekedwa. Vulani nsapato, lamba wachikopa ndi chikwama chachikopa musiye panja. Mukalowa yang'anani kudenga: mwala adausema mopyapyala ngati nsalu yoluka pamanja. Kenako zungulirani pakhoma, limene lili ndi nsanja 99.

Madzulo pitani ku Patwon ki Haveli, nyumba zisanu zogundizana zimene wamalonda Guman Chand Patwa adayamba kumanga mu 1805. Ku nyumba ina ya Nathmal ki Haveli imani patsogolo mufanizire mbali yakumanja ndi yakumanzere: adasema ndi amisiri awiri apachibale, aliyense mbali yake, ndipo sizifanana ndendende. Nthawi ikatsala, kapumeni kudziwe la Gadisar.

6. Tsiku lachiwiri: mchenga

Milu ya mchenga ya Sam ili makilomita pafupifupi 40 kumadzulo. Kumadzaza anthu, magalimoto ndi nyimbo zaphokoso. Ofuna bata asankhe Khuri. Musanalipire ulendo wa ngamila, funsani kuti mukwera maola angati, mugona m'tenti kapena panja, mabulangete ndi angati, madzi akumwa akupereka ndani. Zonsezi zilembedwe pa risiti. Valani buluku lalitali, chishalo cha ngamila chimasupula ntchafu, ndipo ikamadzuka weramirani kumbuyo chifukwa imayamba kuimika miyendo yakumbuyo.

Musagone kuchipululu usiku woti m'mawa mwake mukwera sitima. Galimoto zobwerera kutauni zimanyamuka aliyense akatha kudya kadzutsa, ndipo sitima zochoka ku Jaisalmer n'zochepa patsiku: mukaiphonya, yotsatira mwina muipeza ili pa WL.