Dzuwa Limene Magnolia Amafuna, Panja ndi M'nyumba

Musanakumbe dzenje la magnolia, werengani kaye maola a dzuwa pamalopo. Mtengowu uli ndi mizu yofewa, yonenepa, yoyenda pamwambamwamba pa nthaka, ndipo ukazikika sufuna kusamutsidwa. Mukaubzala pamthunzi n'kudzazindikira patapita zaka zitatu kuti suchita maluwa, kuuzula kumadula mizu yambiri, ndipo mtengo umafooka nthawi yaitali kapena kuuma kumene.

Kuwerengako n'kosavuta. Tsiku lopanda mitambo khomani chikhomo pamene mukufuna kubzala, ndipo ola lililonse kuyambira m'mawa mpaka madzulo lembani ngati dzuwa likumenya chikhomocho. Maola 6 kapena kuposa ndi amene mitundu yambiri imafuna. Maola 4 mpaka 6, mtengo umakula koma maluwa amachepa. Osakwana 4, pezani malo ena. Muwerenge kawiri, m'nyengo yozizira ndi yotentha, chifukwa dzuwa likamayenda cham'munsi mthunzi wa khoma umatalika, ndipo malo owala mu Novembala angakhale amdima mu Juni.

Mitundu ya magnolia imaposa 200, yochokera kum'mawa kwa Asia ndi ku America, ndipo siifuna dzuwa lofanana. Magnolia grandiflora, wa kum'mwera chakum'mawa kwa United States, sayoyola masamba, ndipo masamba ake ndi okhuthala, onyezimira pamwamba, ambiri a iwo ofiirira kunsi. Ameneyu amapirira dzuwa la tsiku lonse ngati nthaka siiuma. Amatalika kuposa mamita 20, choncho mutalikitseni ndi nyumba mamita 6 kapena kuposa. Pa bwalo laling'ono bzalani grandiflora wamfupi wotchedwa Little Gem, amene amathera pa mamita 6 kapena 7. Dziwaninso kuti grandiflora mwiniwake amapanga mthunzi wandiweyani moti kapinga samera pansi pake.

Magnolia stellata wa ku Japan ndi Magnolia × soulangeana, amene Étienne Soulange-Bodin anamupanga ku France m'zaka za m'ma 1820 pokwatitsa mitundu iwiri ya ku China, amayoyola masamba onse n'kutulutsa maluwa nthambi zili mbulanda kumapeto kwa nyengo yozizira. Apa mpofunika kumvetsa bwino: mphukira za maluwawo zimapangika miyezi yambiri m'mbuyo, m'nyengo yotentha yapitayo. Mtengo ukachita maluwa ochepa chaka chino, funsani za dzuwa limene unalandira chaka chatha. Mukadulira nthambi za mtengo woyandikana nawo lero kuti kuwala kulowe, phindu lake mudzaliona pa maluwa a nyengo yotsatira. Amene amakondadi mthunzi wapang'ono ndi Magnolia sieboldii, ndipo Magnolia virginiana ndi Magnolia figo amaupirira bwino.

Kumalo otentha, dzuwa la m'mawa ndi la masana si limodzi. La m'mawa limadyetsa mtengo mpweya ukadali wozizira, pamene la 1 koloko mpaka 4 koloko limakoka madzi m'masamba mofulumira kuposa mmene mizu ingabwezere. Masamba amawauka kuyambira m'mphepete, n'kuchita khirikhiri ngati pepala, makamaka mbali yoyang'ana kumadzulo. Choncho mitundu yoyoyola masamba ibzalidwe kum'mawa kwa nyumba kapena kwa mtengo waukulu, kuti ilandire dzuwa mpaka masana kenako mthunzi. Phimbirani nthaka ndi makungwa kapena masamba owola okhuthala masentimita 5 mpaka 8, osakhudza tsinde, chifukwa mizu yapamwambayo imatentha msanga. Mtengo wongobzalidwa kumene muumangire kamthunzi ka udzu kapena ka neti mbali ya kumadzulo m'nyengo yake yoyamba yotentha.

Kumene kumagwa chisanu, monga ku Britain kapena kumapiri a South Africa, langizoli limatembenuka. Duwa likauma ndi chisanu usiku, dzuwa la m'bandakucha limalisungunula mwadzidzidzi ndipo limasanduka labulawuni, lofewa ngati lovunda. Kumeneko mbali ya kumadzulo, yotetezeka ku mphepo, ndiyo yabwino. Pewaninso khoma lotentha kwambiri ndi dzuwa, pakuti limadzutsa mphukira msanga chisanu chisanathe.

Za m'nyumba tinene poyera: magnolia ndi mtengo wa panja. Dzuwa la masana panja limafika pafupifupi 100,000 lux (muyezo wa kuwala), pamene pakati pa chipinda chooneka chowala bwino nthawi zambiri sipakwana 1,000. Maso athu amazolowera ndipo amatinamiza, koma tsamba silinamizidwa. Komanso stellata ndi soulangeana amafuna milungu yambiri ya kuzizira kuti adzuke n'kuchita maluwa, ndipo m'chipinda chofunda sakupeza. N'chifukwa chake kumadera otentha chaka chonse amavuta ngakhale panja. Mukafuna wa m'chidebe sankhani wosayoyola masamba komanso wamfupi: Magnolia figo, wa timaluwa tonunkhira ngati nthochi yakupsa, Magnolia coco amene amanunkhira usiku, kapena Little Gem akadali wamng'ono.

Chidebe chikhale chotambalala masentimita 45 mpaka 60, chobooledwa pansi, ndipo chiikidwe pazenera penipeni, osapitirira theka la mita kuchokera pagalasi. Zenera lake limadalira kumene muli. Ku London ndi loyang'ana kum'mwera. Ku Johannesburg ndi loyang'ana kumpoto. Malangizo ambiri a pa intaneti analembedwa ku Ulaya ndi ku America, ndiye wa kum'mwera kwa dziko lapansi akawatsata osaganiza amaika mtengo pazenera lamdima. Ku Malawi ndi ku Zambia dzuwa la masana limakhala pamutu miyezi yambiri ndipo denga lotulukira kunja limalitchinga, choncho zenera la kum'mawa kapena khonde lotseguka zimapereka kuwala kwabwinopo. Tembenuzani chidebe pang'ono mlungu uliwonse kuti mtengo usapendekere kuzenera, ndipo pukutani fumbi pamasamba ndi kansalu konyowa.

Ngati zenera silipereka maola 4 a dzuwa lenileni, onjezerani nyale ya LED yopangidwira zomera. Ikhale masentimita 30 mpaka 45 pamwamba pa masamba, iyake maola 12 mpaka 14 pa tsiku, usiku izimitsidwe. Babu la padenga silithandiza: kuwala kumachepa msanga ndi mtunda, moti mukatalikitsa nyale kawiri tsamba limalandira pafupifupi gawo limodzi mwa magawo anayi.

Mtengo wosowa kuwala umadziwika ndi timphukira tatitali toonda, mpata waukulu pakati pa tsamba ndi linzake, masamba a m'munsi kuyoyoka, ndi mphukira za maluwa kugwa zisanamasule. Choopsa kwambiri chili m'chidebe: pamdima mtengo umamwa pang'ono, dothi limakhala lonyowa masiku ambiri, ndipo mizu yofewayo imawola. Lowetsani chala m'dothi masentimita 3. Thirirani pokhapokha pouma.

Si chikasu chilichonse chimene chimachokera ku kuwala. Masamba anthete akachita chikasu koma mitsempha yake ili yobiriwira, vuto ndi nthaka kapena madzi a laimu wambiri. Magnolia amafuna nthaka ya asidi pang'ono, ya pH (muyezo wa asidi) 5.5 mpaka 6.5, ndipo madzi a mvula amamukomera. Grandiflora kutaya masamba akale pamene atsopano akutuluka si matenda. Masamba akada ngati apakidwa mwaye, yang'anani pa timitengo ndi kunsi kwa masamba: mupeza tizilombo tokakamira ngati tinkhanambo, timene timatulutsa madzi omata amene nkhungu yakudayo imamerapo n'kutchinga kuwala. Ndipo mtengo womera kuchokera ku njere ungakhale zaka 10 kapena kuposa osachita maluwa ngakhale uli padzuwa labwino, choncho ku nazale funsani womezanitsa.

Potulutsa panja mtengo umene wakhala m'nyumba, musauike padzuwa tsiku lomwelo, chifukwa masamba okulira pamdima amapsa m'masana amodzi n'kuchita zigamba zoyererera zimene sizibwerera. Masiku atatu oyamba ukhale pamthunzi wowala, kenako ola limodzi kapena awiri a dzuwa la m'mawa, n'kumaonjezera ola limodzi masiku awiri alionse mpaka patatha milungu iwiri. Poubwezera m'nyumba chitani chimodzimodzi chobwerera m'mbuyo, ndipo chepetsani madzi kuyambira tsiku limene walowa.