Mwagwa ndi njinga yamoto chifukwa cha dzenje la mumsewu: zoyenera kuchita

Mvula ikayamba mu Novembala, maenje a m'misewu ya Lusaka amabisala pansi pa madzi. Galimoto imangogwedezeka n'kudutsa, koma tayala lakutsogolo la njinga yamoto likalowa m'dzenje, chiwongolero chimapotoka, wokwera n'kuponyedwa. N'chimodzimodzi ndi manhole yopanda chivundikiro, mchenga wokokolokera pakona, kapena ngalande yokumbidwa popanda chizindikiro.

Pitani kuchipatala tsiku lomwelo, ngakhale mukuyenda bwino. Mutu ukagunda pansi, magazi amatha kuchucha m'kati pang'onopang'ono. Kusanza, chizungulire ndi tulo tosaletseka zimatha kubwera pambuyo pake. Kanenani kupolisi pasanathe maola 24, ndipo mutengeko fomu ya medical report kuti dokotala alembepo mabala onse.

Pamene milandu yambiri imafera ndi pa umboni. Dzenje likhoza kukwiriridwa mawa, ndiye ngati mwagonekedwa, tumani m'bale lero lomwe. Ajambule patali kuti malo adziwike, kenako pafupi, ataimika ndodo kapena tepi m'dzenjemo kuti kuya ndi kukula kwake kuoneke. Atenge manambala a mboni, makamaka ogulitsa malonda m'mbali mwa msewu. Iwowa ndiwo amadziwa kuti dzenjelo lakhala miyezi ingati ndiponso kuti lagwetsa angati. Izi n'zofunika kwambiri, chifukwa kukhalapo kwa dzenje pakokha sikukwanira kukhoti: muyenera kusonyeza kuti osamalira msewu ankadziwa, kapena ankayenera kudziwa, koma sanakonze kapena kuchenjeza anthu. Njinga musaikonze isanajambulidwe, helimeti yosweka musataye, ndipo musunge malisiti a mankhwala, X-ray ndi mayendedwe.

Nanga wodandauliridwa ndani? Misewu ikuluikulu monga Great East Road ili m'manja mwa Road Development Agency, yokhazikitsidwa ndi Public Roads Act ya 2002. Yambiri ya m'makomboni imayang'aniridwa ndi Lusaka City Council. Ngati anakumba ndi kontilakita, iyenso akhoza kuyankha mlandu. Road Transport and Safety Agency (RTSA) imaona za malayisensi ndi chitetezo, siikonza misewu. Loya ndiye atsimikize zimenezi kalata yodandaula isanalembedwe. Ngati ndalama palibe, pitani ku Legal Aid Board, bungwe la boma lothandiza anthu osowa ndalama pa milandu. Musachedwe, poti mlandu wa kuvulala uyenera kulowa m'khoti pasanathe zaka 3.

Inshuwalansi ya third party imalipira anthu ena amene mwawavulaza, osati inu woyendetsa. Ngati munalembedwa ntchito yoperekera katundu ndipo mwagwa muli pantchito, abwana anu akanene ku Workers' Compensation Fund Control Board, bungwe lopereka chipukuta misozi kwa ovulala pantchito. Dziwaninso kuti ngati munalibe helimeti, nyali inali yakufa kapena mumathamanga kwambiri, khoti limachepetsa chipukuta misozi molingana ndi mbali yanu ya kulakwako.