Momwe mungaphwanyire nambala yaikulu ndi pensulo basi

Nambala iliyonse yoposa 1 imakhala prime, kapena imapangidwa pochulukitsa ma prime. Prime ndi nambala yoposa 1 yomwe imagawika ndi 1 komanso iyo yokha basi, monga 2, 3, 5, 7 ndi 11. Kuti mudziwe makhalidwe a nambala yaikulu, iphwanyeni mpaka mutsale ndi ma prime okhaokha. Tiyeni titenge 142,857.

Choyamba, yang'anani dijiti yomaliza. Ikakhala 0, 2, 4, 6 kapena 8, nambalayo imagawika ndi 2. Ikakhala 0 kapena 5, imagawika ndi 5. Yathuyi ikuthera ndi 7, ndiye zonse ziwiri zakanika.

Chachiwiri, phatikizani madijiti onse: 1+4+2+8+5+7 ikupereka 27. Popeza 27 imagawika ndi 3 komanso 9, nambala yonse imagawikanso choncho. Apa taona kale kuti si prime. Gawani ndi 3 mupeza 47,619, gawaninso 15,873, kachitatu 5,291. Pamenepo 3 wathera.

Chachitatu ndi chomwe ambiri sachidziwa, koma chimapulumutsa nthawi kwambiri. Dulani nambalayo m'magulu a madijiti atatuatatu kuchokera kumanja, kenako chotsani gulu lina pa linzake: 857 kuchotsa 142 kutsala 715. Zimene zimagawa 715 mwa 7, 11 ndi 13 zimagawanso nambala yaikuluyo. Chinsinsi chake n'chakuti 7 × 11 × 13 ndi 1,001. Tsono 715 imagawika ndi 11 komanso 13, koma ndi 7 imasiya 1. Ndiye gawani 5,291 ndi 11 mupeza 481, gawani 481 ndi 13 mupeza 37, yomwe ndi prime.

Musatope n'kuyesa ma prime mpaka kalekale. Lekezani pomwe prime ikadzichulukitsa yokha ikupitirira nambala yomwe mwatsala nayo. Pa 37, 7 × 7 ndi 49, choncho kuyesa 2, 3 ndi 5 kwakwana.

Zotsatira: 142,857 = 3 × 3 × 3 × 11 × 13 × 37.

Mukafuna kudziwa kuti ndi manambala angati omwe amaigawa popanda chotsala, werengani kuti prime iliyonse yabwera kangati, onjezani 1, kenako chulukitsani. 3 wabwera katatu, ndiye 4. Enawo kamodzikamodzi, ndiye 2, 2, 2. Onse pamodzi ndi 32. Mukaphatikiza 31 mwa manambalawa, kusiya mwini wakeyo, mupeza 112,503, yomwe siifika pa 142,857. Akatswiri a masamu amaika nambala yotere m'gulu la zoperewera. 28 ndiye yokwanira ndendende, chifukwa 1+2+4+7+14 ndi 28.

Ndinasankha 142,857 dala. Ichulukitseni ndi 2 mupeza 285,714, ndi 3 mupeza 428,571: madijiti omwewo, angosinthana malo mozungulira. Zimatero mpaka 6. Mukafika pa 7 mupeza 999,999, ndipo n'chifukwa chake 1 kugawa ndi 7 imapereka 0.142857142857 osatha.